Luso Lokonza Zipangizo Zamagetsi Lisamakhale Chinsinsi

Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi malo osungirako zinthu zimene zinaleka kugwira ntchito koma mtima ukukana kuzitaya: kunsi kwa bedi, pamwamba pa kabati, m'katoni ya kuseri kwa chitseko. Mmenemo mumakhala wailesi imene inangoti zii, nyale ya sola imene inazima tsiku lina osayakanso, foni yokana kulowa moto, simbi yosatentha. Mukafunsa eni ake kuti chinavuta n'chiyani, amangoti inapsa. Mukafunsitsa kuti anaitsegula ndani n'kuona kuti yapsadi, mupeza kuti palibe amene anaitsegula. Chinthu chinagamulidwa kuti chafa popanda wochipima. Lero tikambirana za anthu ongodzipereka amene amasonkhana m'madera mwawo kuti azikonza zinthu zoterezi pamodzi ndi eni ake, ndipo mfundo imene ndiikire kumbuyo ndi imodzi: nzeru yopezera vuto la chipangizo iyenera kukhala chuma cha dera lonse, yophunzitsidwa anthu akuona ndiponso yolembedwa, chifukwa ikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi imathandiza ochepa, ndipo mwini wakeyo akachoka imachoka naye.

Kusonkhana kotereku kuli ndi kumene kunayambira. Pa 18 Okutobala 2009, mayi Martine Postma, amene anali mtolankhani, anakonza msonkhano mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands n'kuutcha Repair Café. Ena anabwera ndi katundu wowonongeka, ena ndi zida ndi luso lawo, n'kukhala pa matebulo kumasula zinthu uku akumwa khofi. Pa misonkhano imeneyi salipiritsa. Wofuna amaponya kangachepe m'bokosi kuti gulu ligulire zofunika. Lero malo otere alipo oposa 2,000 m'maiko osiyanasiyana. Chaka chomwecho ku California bambo Peter Mui anayambitsa Fixit Clinic, kumene sikuludiraiva amagwira ndi mwini katundu, wodziwayo n'kumangomulozera pogwira. Patapita zaka zochepa, Janet Gunter ndi Ugo Vallauri anayambitsa The Restart Project mumzinda wa London, yolunjika pa mafoni, makompyuta, mawailesi ndi tizipangizo ta m'nyumba. Maguluwa amasiyana pa zina ndi zina, koma pali mwambo umodzi umene onse amaugwiritsitsa: sungasiye katundu wako n'kupita kumsika kuti udzamutenge madzulo. Umakhala pomwepo, ukuona, ukufunsa, ukugwira nawo.

Mwambo umenewu ndiwo mtima wa nkhani yonse, ndipo kuti muumvetse tiyeni tiyandikire pa tebulo pamene pafika ketulo yamagetsi. Wodziwa uja sathamangira kumasula. Amayamba ndi mafunso: inaleka liti, inaleka mwadzidzidzi kapena inayamba ndi kudukizadukiza, munamva fungo la chinthu chopserera, nanga kanyale kake kamayaka? Akatero amayamba kulondola njira ya magetsi kuchokera kukhoma. Amayesa soketi ndi chipangizo china kuti aone ngati ili ndi moto. Amazula pulagi, n'kuitsegula, n'kuona ngati mawaya atatu aja, wabulauni, wabuluu ndi wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, ali omangika bwino. Amatulutsa fyuzi n'kuigunditsa timitu tiwiri ta kamakina koyezera kotchedwa multimeter. Fyuziyo ikakhala yabwino kamakinako kamalira, ikakhala yoduka kamangokhala chete. Fyuzi ikapezeka yabwino amayeza nthambo chimodzimodzi, akuipindapinda pang'onopang'ono, chifukwa waya woduka m'kati amagundana n'kulekana. Kuchoka apo amafika pa switchi, ndipo pomalizira penipeni pa chitsulo chotenthetsa madzi. Mwini ketulo amene waona zonsezi mwina abwerera ndi ketulo yowira, mwina ayi, koma ndondomekoyo waitenga, ndipo ndi yomweyo imene adzaitsate pa simbi, pa fani ndi pa mbaula, pakuti magetsi amafuna njira yosaduka ndipo ntchito ya wokonza ndi kupeza pamene njirayo yadukira.

Chimene chimachititsa kuti ndondomekoyi iphunzitsike n'chakuti matenda ambiri a zipangizo za m'nyumba ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi mantha amene timakhala nawo. Nthambo ya simbi imaduka pamene imalowera m'simbimo, chifukwa ndi pamene pamapindika tsiku ndi tsiku. Kudula kachigawo kowonongekako n'kumanganso kumatha ntchito. Fani imene imangong'ung'udza osazungulira mpaka mutaikankha ndi chala kawirikawiri imakhala ndi kapasita yofooka, kapena fumbi ndi tsitsi zamanga pa mtengo wozungulira. Foni yokana kulowa moto nthawi zambiri imakhala kuti kabowo kolowetsa tchaja kadzaza tizinyalala ta m'thumba, kapena nthambo ya tchaja ndiyo yatha. Rimoti ndi tochi zimafa chifukwa mabatire anachucha n'kuchititsa dzimbiri pa tizitsulo togunda, ndipo kupala tizitsuloto kumazidzutsa. Wailesi yochita phokoso la kwekwerere mukamakweza mawu imakhala ndi fumbi m'chokwezeramo. Palibe chimodzi mwa izi chofuna digiri. Chofunika ndi munthu woti akuonetseni kamodzi, inu mukuyang'ana. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene dziko lapansi linamudziwa chifukwa cha makina amphepo opanga magetsi amene anamanga ali mnyamata, anayambira pa kumasula mawailesi akale pamodzi ndi mbale wake, kenako n'kumatsatira zithunzi za m'mabuku a sayansi a mu laibulale yaing'ono ya kwawoko. Timakonda kunena nkhani yake ngati chozizwitsa, koma ine ndimaonamo funso lovutitsa mtima: ndi ana angati a nzeru zofanana ndi zake amene sanapezepo wailesi yololedwa kuitsegula, kapena buku, kapena wamkulu wowalozera?

Magulu ongodzipereka aja anapitanso patsogolo pa chinthu chimene ambiri sachiganizira, ndicho kulemba. Mu 2017 mabungwe angapo, kuphatikizapo Repair Café, The Restart Project, Fixit Clinic ndi iFixit, anagwirizana kupanga Open Repair Alliance, n'kumvana kuti chinthu chilichonse chobwera pa tebulo chizilembedwa mofanana: ndi chipangizo chanji, chopangidwa ndi kampani iti, cha zaka zingati, vuto linali chiyani, chinakonzeka kapena ayi, ndipo ngati sichinakonzeke chinalepheretsa n'chiyani. Pofika mu 2024 anali atasonkhanitsa zolembedwa zoposa 200,000, ndipo zinaonetsa kuti zinthu zoposa theka zinakonzeka. Kulemba kumeneku kunasandutsa madandaulo a munthu mmodzimmodzi kukhala umboni. Wokonza mmodzi akanena kuti makampani akumata zipangizo ndi guluu mwadala amaoneka ngati wongolubwalubwa, koma zikwi za zolembedwa zikaloza kumodzi opanga malamulo amatchera khutu. Mawu a magulu oterewa ali m'gulu la zimene zinakankha nkhani ya ufulu wokonza ku Ulaya, kumene dziko la France kuyambira mu Januwale 2021 limalamula kuti zipangizo zina zizigulitsidwa zili ndi malikisi, kuchokera pa 0 mpaka 10, osonyeza kuphweka kwa kuzikonza, ndipo mu 2024 European Union inavomereza lamulo lokakamiza opanga katundu wina kuti azimukonza ndi kupereka zida zosinthira pa mtengo woyenera. Kampani ya iFixit, imene inayamba mu 2003, imaika pa intaneti malangizo a zithunzi okonzera zipangizo zambirimbiri, ndipo aliyense amawerenga osalipira.

Ndikudziwa kuti pofika pano wina wayamba kale kupukusa mutu. Akuti izi ndi za azungu amene anaiwala kukonza chifukwa chozolowera kutaya. Ife kuno timakonza chilichonse mpaka chitatheratu, ndiye tiphunzirenji kwa iwo? Mbali ina akunena zoona, ndipo ndi zoona zonyaditsa. Pitani mumsika wa Limbe, wa Lilongwe, wa Mzuzu kapena wa Chipata, mukapeza achinyamata pa kabenchi kakang'ono akudzutsa mafoni amene ku London akanatayidwa kalekale. Koma taonani kumene lusolo lili ndi mmene limayendera. Lili m'matauni ndi m'misika ikuluikulu, pamene anthu ambiri amakhala kumudzi, kumene ndalama ya kabaza ndi minibasi yopitira kwa wokonza imaposa mtengo wa tochi imene yawonongeka. Limagwiridwa kuseri kwa kauntala, mwini katundu atauzidwa kuti abwere mawa. Limapatsidwa kwa mwana kapena kwa mphwake wa mmisiri, ndipo mmisiriyo akadwala, akamwalira kapena akapita ku Johannesburg kukasaka maganyu, dera lonse limabwerera pamene linali. Silinalembedwe paliponse. Ndiye luso tili nalo, koma njira yoligawira ndi yopapatiza, ndipo apa ndi pamene misonkhano ya ku Amsterdam ili ndi chotiphunzitsa. Komanso tisaiwale kuti wotaya kwambiri chipangizo chikafa ndi wosauka. Kwa munthu wa ku Ulaya ketulo yakufa ndi nkhani ya chilengedwe. Kwa banja la kumudzi nyale ya sola yakufa ndi mwana amene sawerenga usiku, ndipo foni yakufa ndi ndalama zotumizidwa ndi achibale zimene sizifika.

Nkhani ya sola ndiyo ikuonetsa bwino kuti zipangizo zafika m'midzi mofulumira kuposa nzeru yozisamalira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi ankaunikira ndi magetsi a ESCOM, ndipo oposa theka ankadalira matochi a mabatire. M'malo ngati amenewa nyale ndi mapanelo a sola zafala kwambiri, koma wogulitsa amachoka tsiku lomwelo. Panelo lenilenilo limatha zaka zambiri. Chimene chimayamba kutha m'nyale ndi batire, ndipo pambuyo pake switchi ndi nthambo yochokera ku panelo. Batire ya nyale zambiri ndi yosinthika ngati nyaleyo ili yotseguka ndi masikuluwu. Pa sola ya m'nyumba ya batire yaikulu, cholakwika chofala ndi kulumikiza panelo ku batire mwachindunji, kudumpha kabokosi kowongolera moto, mwina chifukwa kanawonongeka, mwina chifukwa wina ananena kuti kamadya moto. Zikatero batire imalandira moto wopitirira muyeso masana n'kukamidwa mpaka kuuma usiku, ndipo batire yoti ikanatha zaka imatha miyezi. Panelo lokutidwa ndi fumbi la mu Okutobala, kapena lophimbidwa ndi mthunzi wa nthambi imodzi yokha, limapereka moto wochepa kwambiri, eni ake n'kumati lafa. Bungwe la SolarAid, limene lagulitsa nyale zambiri m'Malawi ndi m'Zambia kudzera mwa SunnyMoney, linafika pozindikira lokha kuti kugulitsa sikukwanira, n'kuyamba kuphunzitsa amisiri okonza nyale. Zimenezo n'zabwino, koma bungwe limodzi silingafike pa khomo lililonse. Nzeru zimene ndatchulazi zikhoza kuyenda pakamwa ndi pamanja, kuchoka kwa amene wadziwa kupita kwa mnzake, ngati pali tsiku ndi malo oti ziziyendera.

Ndipo sitiyambira pachabe, chifukwa tinachitapo kale zofanana ndi izi pa madzi. Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri, unayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo unapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuusolola okha ndi sipanala imodzi n'kusintha timipira totha. Pa mjigo pamakhala komiti, pamakhala ophunzitsidwa kukonza zing'onozing'ono, ambiri mwa iwo amayi, ndipo vuto likakula amaitana makaniki wa m'dera amene amalipidwa. Si paliponse pamene zinayenda bwino. Mijigo yakufa ilipo yambiri, makamaka kumene komiti inaphunzitsidwa kamodzi kokha, ophunzirawo n'kusamuka, kapena kumene zida zosinthira zili kutali. Koma ngakhale kulephera kumeneko kukutiuza chochita. Maphunziro a sabata imodzi obwera ndi galimoto ya bungwe amazilala. Chimene chimakhalitsa ndi kukumana kobwerezabwereza, kumene wophunzira wa chaka chatha ndiye akuonetsa wa chaka chino.

Tsopano tifike pa chotsutsa chimene ndimachiona cholemera kuposa zonse, ndipo sindifuna kuchidutsa mothamanga. Mmisiri wa pamsika akhoza kufunsa kuti: ine ndinaphunzira ntchitoyi movutikira, ndinasesa shopu ya munthu zaka ndisanaloledwe kugwira chowotcherera, lero mukuti ndigawe ulere zimene ana anga amadyera? Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo amene amadya malipiro a pamwezi asafulumire kumutcha wodzikonda. Tivomereze kuti ntchito zina zing'onozing'ono adzazitayadi. Munthu wodziwa kusintha fyuzi sadzalipiranso wina kuti amusinthire. Koma tiyeze zimene ataye ndi zimene apeze. Katundu wambiri wobwera pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi ndi uja wa m'katoni ya kuseri kwa chitseko, amene sakanafika n'komwe pa benchi ya mmisiri. Akatsegulidwa, gawo lina limapezeka kuti ndi lofuna dzanja lozolowera ndi zida zimene ongodzipereka alibe: kusintha galasi la foni, kuwotcherera tizida tating'ono pa bolodi, kukulunganso mawaya a mota. Eni ake amatumizidwa kwa ndani? Kwa mmisiri yemweyo, ndipo amapita akudziwa kuti chinthu chawo ndi chokonzeka, choncho sakaika kulipira. Magulu a ku Ulaya amachitanso chimodzimodzi, kulozera anthu kwa okonza a m'dera lawo.

Palinso china chimene amisiri okha amachidziwa bwino kuposa ife. Mdani wamkulu wa ntchito yawo ndi kukaikirana. Ndani sanamvepo wina akudandaula kuti anamusinthira batire yabwino n'kumuikira yakutha, kapena kuti anamulipiritsa chida chimene sichinasinthidwe? Nthawi zina zimakhala zoona, nthawi zambiri zimakhala zongoganizira za munthu amene sanaone chimene chinachitika m'kati, koma zonse ziwiri zimaipitsa mbiri ya mmisiri wokhulupirika pamodzi ndi wachinyengo. Kasitomala wosadziwa kanthu amakaikira aliyense. Wodziwa pang'ono amatha kusiyanitsa ntchito yabwino ndi yachinyengo, ndipo amabwerera kwa waluso. Mmisiri amene wakhala pa bwalo Loweruka limodzi pa mwezi, akufotokoza poyera chifukwa chimene fani yaimira, wadzigulira dzina limene chikwangwani cha pashopu sichingamupatse. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa nkhani iyi mawuwo ndi oona ngakhale powerengera ndalama. Komabe gulu lisamuone mmisiri ngati chitsime chongotungapo. Ngati lili ndi kathumba, limulipire pa tsiku limene waphunzitsa, ndipo achinyamata amene aonetsa chidwi liwalozere ku maphunziro a TEVETA kapena kwa mmisiri yemweyo kuti akaphunzire ntchito yonse mwadongosolo.

Ena nkhawa yawo ndi ngozi, ndipo akulondola kuti magetsi saseweretsa. Moto wa mavoti 230 umene uli m'makoma mwathu umapha. Koma funso ndi lakuti: kodi kubisa nzeru kumaletsa anthu kugwira mawaya? Yendani m'makomo muone. Mupeza fyuzi yoduka italowedwa m'malo ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, mupeza nthambo zopanda pulagi zitasomekedwa m'soketi ndi timitengo ta machesi, mupeza polumikiza pokulungidwa ndi jumbo. Anthu akukonza kale, koma akukonza mwa umbuli. Amene waika waya m'malo mwa fyuzi sadziwa kuti fyuzi inapangidwa kuti iduke, kuti ife iyo m'malo mwa nyumba. Akanadziwa, akanafunsa chimene chaidula. Sadziwanso kuti mafyuzi ali ndi misinkhu, kuti ya maampu 3 ndi ya nyale ndi wailesi pamene ya maampu 13 ndi ya ketulo ndi simbi. Umbuli ndiwo ukuotcha nyumba, ndipo mankhwala ake ndi kuphunzitsa.

Kuphunzitsa kwabwino kumanenanso poyera pamene munthu ayenera kulekera, ndipo pano ndikupempha mumvetsere bwino. Chipangizo chilichonse chizitsegulidwa pulagi itazulidwa ndipo ili pa tebulo pamene wokonza akuiona. Kuzimitsa switchi kokha sikukwanira. Microwave isatsegulidwe ndi munthu wongophunzira, chifukwa m'kati mwake muli kapasita yosunga moto wa mavoti pafupifupi 2,000, ndipo ikhoza kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa. Ma TV akale a chimsana aja nawonso amasunga moto woopsa. Batire ya foni kapena ya laputopu ikatupa isabooledwe, isapindidwe, isaikidwenso pa moto, chifukwa ikhoza kuyaka mwadzidzidzi. Iikidwe pa mchenga kapena m'chitini, panja, kutali ndi udzu ndi ana. Pa firiji wongodzipereka akhoza kupukuta fumbi la kumbuyo, kuona ngati mphira wa pachitseko ukugwira, ndi kulangiza eni ake kuti magetsi akabwera azidikira mphindi zingapo asanaiyatse, koma mapaipi a gasi asawakhudze, pakuti mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi woyaka. Mawaya a m'khoma, bokosi la maswitchi ndi mita ndi ntchito ya amisiri a chilolezo cha MERA ndi a ESCOM basi. Ndipo wogwira mtovu wowotcherera asambe m'manja asanadye, ntchitoyo aigwirire pamalo opita mphepo. Malire amenewa aziwerengedwa mokweza pa chiyambi cha msonkhano uliwonse, ngakhale kwa amene anawamva kale.

Ena afunsa za alawansi, koma sinditaya nazo nthawi yambiri. N'zoona kuti tinazolowetsedwa kuti msonkhano uliwonse uzitha ndi envelopu, koma magulu a banki m'khonde, makwaya ndi makomiti a maliro amakumana mokhulupirika popanda wowalipira, chifukwa aliyense amaona phindu lake. Gulu lokonza likhoza kukhala nthambi ya limodzi mwa magulu amenewa, kukumana m'kalasi kapena m'holo ya tchalitchi kapena pa mzikiti kamodzi pa mwezi, mfumu itadziwitsidwa. Zida zoyambira ndi zochepa: multimeter imodzi, masikuludiraiva, pulayala, tepi yokulungira mawaya ndi chowotcherera, zosungidwa ndi msungichuma ngati mmene amasungira bokosi la ndalama. Chofunika kuchikonzeratu ndi mkangano. Mwini katundu auzidwe ntchito isanayambe kuti chinthu chake chikhoza kukonzeka, chikhoza kukanika, ndipo nthawi zina chikhoza kuipiraipira, ndipo avomere anthu akumva. Foni isatsegulidwe zam'kati mwake, zithunzi ndi mauthenga, pokhapokha mwini wake ali pompo ndipo walola. Kukhalapo kwa mwini katundu kumateteza wokonza monga mmene kumaphunzitsira mwiniyo.

Pali zinthu zimene sizidzakonzeka, ndipo tisanamizane. Zina zinamatidwa moti kuzitsegula ndi kuziswa, zina zida zake sizipezeka m'dziko muno, zina ndi zotchipa zopangidwa kuti zithe msanga. Koma ngakhale chinthu chokanika chili ndi ntchito pa gulu lodziwa: nthambo yake, switchi, sipika, masikuluwu ndi fyuzi zimachotsedwa n'kusungidwa m'mabotolo kuti zidzadzutse china. Chotsalacho ndicho chofuna kusamala. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024, lochokera ku nthambi za United Nations, linati mu 2022 dziko lapansi linatulutsa zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera zinali pafupifupi 22 zokha pa 100 zilizonse. Mu Africa sizinafike ndi 1 pa 100. Ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, achinyamata ankaotcha nthambo kuti apeze mkuwa, akupuma utsi wa poizoni, ndipo nthaka ya kumeneko inadzala mtovu. Zomwezo zimachitika pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba zathu tikamaotcha mawaya pa dzala, tikamaponya mabatire m'chimbudzi, kapena tikamathira pansi asidi wa batire ya sola pafupi ndi chitsime. Nthambo imasendeka ndi mpeni popanda moto, ndipo batire yaikulu yakutha ibwezedwe yathunthu, yosaswa, kwa ogulitsa mabatire kapena ogula zakutha.

Ndibwerere ku kulemba, chifukwa ndi pamene magulu athu angapange chinthu chimene wina aliyense sangatipangire. Zolembedwa za ku Ulaya zimanena za matenda a ku Ulaya. Zipangizo zathu zimadwala ndi fumbi, kutentha, mphenzi za m'dzinja, mphemvu zobisala m'mawailesi, makoswe odya nthambo, ndi magetsi ozima n'kubwera mwamphamvu, monga tinaonera mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala miyezi yambiri pa kuthimathima. Mitundu ya nyale, matchaja ndi mawailesi imene imadzaza misika yathu siipezeka kawirikawiri m'malangizo a pa intaneti, ndipo malangizo amene alipo ambiri ali m'Chingerezi. Choncho gulu lililonse likhale ndi kope lachikuto cholimba, lolembedwa m'chilankhulo chimene anthu ake amalankhula, ndipo cholembera chizigwiridwa mosinthana, atsikana ndi amayi osasiyidwa pa ntchito yophika tiyi, pakuti ndiwo amagwiritsa ntchito simbi, ketulo ndi nyale tsiku lililonse ndipo amadziwa mmene zinayambira kuvuta. Pa chinthu chilichonse palembedwe tsiku, dzina la chipangizo ndi kampani yake, zizindikiro zimene mwini wake ananena, zimene zinayezedwa motsatana, vuto limene linapezeka, chida chimene chinasinthidwa, kumene chinagulidwa ndi mtengo wake. Pajambulidwe ndi kachithunzi ka pamanja kosonyeza waya uti unali pati musanamasule. Amene ali ndi foni ajambule tsambalo n'kutumiza pa WhatsApp kwa gulu la mudzi wina, kapena afotokoze ndi mawu kwa amene kuwerenga kumawavuta. Zokanika zilembedwe mosamala ngati zotheka, pamodzi ndi chifukwa chake. Pakatha chaka, kope limenelo lidzakhala likuuza gulu zida zoyenera kugula zambiri nthawi imodzi munthu akapita m'tauni, lidzauza wogulitsa wa pamsika zimene aziitanitsa, ndipo banja limene likusunga ndalama zogulira nyale ya sola lidzatha kufunsa, lisanapereke ndalama zake, kuti ndi mtundu uti umene umatseguka ndi masikuluwu ndipo batire yake imapezeka pafupi.